Tomato wawauka ndi chiperoni, kalongonda wagwetsa abambo: Anti akuyankha

Mwaswera bwanji nonse. Wiki ino makalata ambiri achokera kwathu konkuno, Thyolo ndi Mulanje, nde ndasankhapo atatu.

Anti, ine ndimakhala ku Thunga, ndili ndi kadimba kuseli kwa nyumba, mabedi anayi basi, si ka bizinesi ayi ndimangofuna ndisamagule ndiwo kumsika. Mu Meyi ndinaoka tomato mitengo 40, anakula bwino mpaka kumasula maluwa, koma chiperoni chitagwa masiku anayi otsatizana masamba anachita mawanga akuda ngati awauka ndi moto, amene anabereka kale wada mbali imodzi ndipo palimba gwa. Apongozi anga akuti alipo wandichitira kaduka. Kodi ndithire feteleza wina?
Mayi wa ku Thunga, Thyolo

Achemwali pepani ndithu, mitengo 40 ndi thukuta lambiri. Koma feteleza musathire, mungotaya ndalama, komanso apongozi auzeni mwaulemu kuti palibe munthu wakulakwirani. Chimenecho ndi chiwawu. Chimakonda kuzizira kophatikiza ndi chinyontho, nde tangoganizani chiperoni chathuchi cha Juni ndi Julayi, tsamba limanyowa usiku wonse, kutacha nkhungu ija ili pomwepo mpaka masana dzuwa osaoneka, matendawa amangoyenda bedi ndi bedi. Mawa mmamawa mame asanaume katembenuzeni tsamba limodzi lodwalalo, kunsi kwake m'mphepete mwa banga muona tinthu toyera ngati ufa wonyowa. Timeneto ndi tomwe timauluka ndi mphepo nkukagwera mtengo wina.

Mitengo yomwe yada mpaka tsinde zulani lero lomwe, musaimvere chisoni. Kwirirani m'dzenje kutali ndi dimba, pa kompositi ayi. Yomwe yangoyamba kumene thotholani masamba odwalawo, koma dikirani aume kaye, mukawagwira ali onyowa manja anu omwewo ndi amene afalitse. Kenako poperani. Mankhwala opopera a Dithane amapezeka m'mashopu ambiri a zaulimi, koma mudziwe kuti ntchito yake ndi kuteteza tsamba labwino, lomwe lada kale salichiza, nchifukwa chake odziwa amayamba kupopera akangoona kuti kwayamba kuchita nkhungu, wiki iliyonse. Muyezo tsatirani wolembedwa pa paketi, komanso masiku odikira musanathyole awerengeni bwinobwino, chifukwa tomato ameneyu akudya ndi ana anu omwe.

Chomwe ndimaona kawirikawiri kuno nchakuti malo atichepera, minda ya tiyi inatenga kwakukulu, nde munthu pa kabedi kamodzi amafuna athithikize chilichonse. Tomato wothithikana sauma masamba. Siyani masentimita 60 pakati pa mitengo, muzike nsungwi nkumangirira ndi luzi kapena tinsalu, masamba am'munsi okhudza dothi muzichotsa, pansi yalani udzu wouma. Pothirira chotsani chisefa chija cha keni, madzi apite pa tsinde, ndipo thirirani mmawa osati madzulo. Bedi limenelo chaka chamawa musabzalemo tomato, mbatatesi, mabiringanya kapena tsabola, onsewa ndi pachibale.

Ine ndinasiya kulimbana ndi chiperoni nditataya mabedi awiri zaka ziwiri zotsatizana. Pano miyezi yozizira ndimabzala mpiru, repu, chainizi ndi anyezi, izi kuzizira zimakukonda, tomato ndimafesa pa nazale kumapeto kwa Julayi kuti akule ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala. Kutunga madzi kumawawa nthawi imeneyo, zoona, koma bola kutunga madzi nkudya tomato.

Kena kamodzi, poti ena amasokoneza. Mtengo ukangofota wonse masamba ali obiriwira opanda banga, chimenecho si chiwawu. Dulani tsinde muviike mu tambula ya madzi oyera, mukaona tinthu ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo ndiye kuti matenda ali m'dothi, kupopera sikuthandiza, zulani ndipo pamenepo mubzale chimanga kapena anyezi.

Anti, ndinakwatiwa ku Chonde koma kwathu ndi ku Dedza, kalongonda sindinakule naye. Amuna anga amamukonda nde ndinati ndiwadabwitse, ndinaphika ngati nyemba maola atatu nkuthira mchere ndi tomato. Atadya anayamba chizungulire, kusanza, kuyankhula zosamveka mpaka tinathamangira nawo kuchipatala. Ali bwino pano koma ine manyazi andigwira, alamu anga akungondiseka. Ndinalakwitsa pati?
Mtsikana wa ku Chonde, Mulanje

Mwanawe, choyamba unachita bwino kuthamangira kuchipatala, ndipo manyazi usachite, palibe anabadwa akudziwa. Kalongonda si nyemba wamba. Muli mankhwala achilengedwe otchedwa L-dopa, omwewo madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson, koma iwo amachita kuyeza, pomwe mu mbale ya kalongonda wosapsa amakhala ochuluka zedi nde amasokoneza mutu. Mankhwalawa amatuluka ndi madzi. Pomwe unalakwitsa ndi pamenepo, unaphika m'madzi amodzi ndipo msuzi womwewo ndi umene abambo anamwa.

Agogo anga ankayamba mmawa tambala atangolira. Kuwiritsa koyamba mpaka makoko afewe, kuphula, kutsanulira m'madzi ozizira, ife ana tikukhala mozungulira beseni kumafinya kamodzikamodzi kuti khoko lichoke, zala zimachita kuda. Akatero kutsuka, kubwezera pamoto ndi madzi atsopano, akawira madzi aja amada bii, kutaya, kuthira ena, choncho mobwerezabwereza mpaka madzi azituluka oyera, dzuwa likupendeka ndi pomwe ankathira mchere. Nkhuni zimapita zambiri, nchifukwa chake amaphika mphika waukulu kamodzi nkugawana ndi anansi. Madzi otayawo taya kutali, nkhuku ndi ana asawafikire. Osadulira njira poti nkhuni zatha, zikatha phula udikire mawa uyambirenso ndi madzi ena. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ine sindiwapatsa.

Koma iwe uli pa Chonde penipeni pomwe pamachitikira Mulhako wa Alhomwe, azimayi odziwa kalongonda ali khomo lililonse. Pita kwa apongozi ako ndi mtolo wa nkhuni ukati amayi ndiphunzitseni, ukhale nawo tsiku lonse. Alamu akusekawo adzakhala oyamba kubweretsa mbale. Ndipo mbewu ina usunge ubzale m'munda, kalongonda amabwezeretsa chonde m'nthaka ngati nandolo, masamba ake amaphimba pansi udzu osamera.

Anti, nthochi zanga zitatu masamba akutuluka ang'onoang'ono oimirira, othinana pamwamba, m'mbali mwake achikasu, sizikubereka. Ndidule nkusiya ana ake?
Bambo wa ku Masambanjati, Thyolo

Achimwene, inu a ku Masambanjati mukudziwa kuposa ine momwe malole ankadzazira nthochi kupita ku Limbe ndi Blantyre chisaka chisanatithere minda. Chimenecho ndi chisaka chomwecho. Yang'anani pa mtsempha wapakati wa tsamba, muona timizere tobiriwira kwambiri todukaduka. Chimafala ndi nsabwe zakuda zomwe zimabisala m'makwawa a masamba, komanso ndi ana a nthochi omwe timapatsana pachibale. Mankhwala ake palibe, ndipo ana akewo ali nacho kale ngakhale akuoneka abwino. Yambani mwapha nsabwezo ndi madzi a sopo kuti zisathawire ku nthochi zina, kenako kumbani phata lonse ndi mizu yomwe, duladulani tizidutswa tiume padzuwa, chikaphukanso kumbaninso. Kambiranani ndi oyandikana nawo azule zawonso, chifukwa mukazula nokha nsabwe za kuseli kwa mpanda zibweranso. Mbewu yatsopano musapemphe kwa mnansi, funsani alangizi a zaulimi a kwanuko akulozereni komwe kuli yoyezedwa, ku Bvumbwe Research, komwe amafufuza za ulimi, ndi m'boma lanu lomwelo la Thyolo.