Kukoka batani si ukatswiri, mphwanga

Mnyamata wina wa ku Zomba, amene analemba MSCE chaka chatha, wandilembera ali ndi nkhawa. Malume ake anamupatsa laputopu yakale, iye waikamo Visual Studio, pulogalamu yopangira mawebusaiti ndi mapulogalamu ena, ndipo pa YouTube waona anthu akungokoka mabatani ndi timabokosi n'kuponya pa tsamba, webusaiti yatheka. Akufunsa ngati pakatha miyezi itatu angayambe kulandira madola, chifukwa bambo ake akuti asiye zibwanazi akaphunzire za akawunti. Makalata otere ndawawerenga ambiri, amangosiyana boma lochokera.

Mphwanga, za madolazo iwala kaye. Miyezi itatu imeneyo uithera kuyang'anizana ndi mizere yofiira ya error, ukukanda mutu.

Chida wasankhacho si choipa. Visual Studio ndi ya Microsoft, ndipo mtundu wa Community ndi waulere kuyambira 2014. Ukatsegula pulojekiti ya Web Forms, njira yopangira masamba mokokakoka ija, upeza Toolbox, bokosi la zokokazo, cham'mbali. Ukakoka Button, kuliika pa tsamba n'kulidina kawiri, pulogalamuyo imakulembera yokha kachigawo kotchedwa Button1_Click m'chilankhulo cha makompyuta cha C#. Ukadina F5, tsamba lako limatuluka mu browser. Tsiku loyamba mtima umachita kudumpha, inenso unandidumpha. Koma taona adiresi pamwambapo: palembedwa localhost. Ndi kompyuta yako yomweyo, palibe wina aliyense akuliona tsambalo.

Chimene chimandikwiyitsa ndi ichi. Pafupi ndi pomwe palembedwa Design pali Source, ndipo ana ambiri sapadina n'komwe. Dinapo lero. Uona kuti zonse wakokazo ndi malemba chabe, ndipo chimene browser imalandira ndi HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti. Tsiku limene batani lidzakane kugwira ntchito, mausi sidzakuthandiza, udzayenera kuwerenga. Komanso Web Forms ndi ya 2002. Microsoft itatulutsa njira yatsopano ya ASP.NET Core mu 2016 inaisiya m'mbuyo, moti kumeneko tsamba umalemba ndi manja ako. Mawebusaiti akale a Web Forms ofuna kukonzedwa alipo, koma mwana wa msinkhu wako asamange nyumba pamenepo.

Choncho kokakoka milungu iwiri kuti mantha achoke, kenako ukhale pansi ndi zilankhulo za webusaiti: HTML, CSS ndi JavaScript. Pa mawebusaiti ophunzirirapo a freeCodeCamp ndi MDN salipiritsa. Visual Studio imadya magigabaiti angapo poitsitsa, ndipo laputopu ya RAM ya 4 GB imachita kupuma wefuwefu nayo. Ikakulemera, ika Visual Studio Code, yopepuka, ngakhale mulibe zokoka. Zotsitsa zikuluzikulu ukachitire pamene pali Wi-Fi, usathere bandulo.

Ukatero upange chinthu chimodzi chogwira ntchito. Pafupi ndi kwanu sipangalephere gulu la banki m'khonde lomwe limalemba zonse m'kope. Lipangire kaundula: wasonkha ndani, wabwereka zingati, chiwongoladzanja chafika pati, atsala ndi ngongole ndani. Pamenepo uphunzira fomu, database (mosungira zolembazo) ndi masamu pakamodzi, ndipo msungichuma akakuuza kuti nambala sizikugwirizana udziwa ngati ntchitoyi ukuifunadi. Uziika zonse pa GitHub, webusaiti yosungirapo mapulogalamu, chifukwa wofuna kukulemba ntchito adzafuna kuona zimene unapanga.

Bambo, nanu pepani, koma mwafulumira. Mwana wokhala pa kompyuta usiku, akudikira magetsi ayake kuti apitirize, simungamuike gulu limodzi ndi wongocheza pa Facebook. Za akawunti zomwe mukuzikondazo masiku ano zimayenda pa mapulogalamu opangidwa ndi anthu ngati iyeyu. Muuzeni akuonetseni zimene wapanga mwezi ukatha, ndiye mumuweruze.

Iwenso usanamizire laputopu kuthawa sukulu. UNIMA ili kwanu komweko ku Zomba ndipo imaphunzitsa za kompyuta, chimodzimodzi MUBAS, MUST ndi Mzuni. NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ikalengeza za malo m'mayunivesite, upereke fomu, ndipo ngati masamu sanayende bwino, ulembenso mayeso. Kaundulayo akatha undilemberenso, undiuze mzere umene unakusowetsa tulo.