Bwana akatopa, timu imatsala m'manja mwa yani? Nkhani ya Yokohama Flügels

Mbale wina wandilembera pa imelo. Timu ya kwawo yauzidwa ndi bwana amene amaigulira yunifomu ndi kulipira minibasi kuti chaka chino n'chomaliza, ndipo a komiti akuti njira yatsala n'kuphatikizana ndi timu ya kutsidya, imene akhala akulimbana nayo chiyambire. Iye anamvapo kuti ku Japan masapota anakana zotere n'kuyambitsa timu yawoyawo, ndiye akufunsa kuti zinatha bwanji, nanga iwo atani.

Achimwene, kalata yanu yandifika pamtima, ndiye mundilole ndilankhule motalika. Timu imene munamvayo ndi Yokohama Flügels.

Ligi yaikulu ya ku Japan, J.League, inayamba pa 15 Meyi 1993 ndi matimu 10, ndipo awiri mwa iwo anali a mzinda wa Yokohama: Marinos, ya kampani ya magalimoto ya Nissan, ndi Flügels, imene inkadalira makampani awiri, la ndege la All Nippon Airways, lomwe anthu amangoti ANA, ndi la zomangamanga la Sato Kogyo. Flügels sinali timu yongodzaza ligi ayi. Pa 1 Januwale 1994 inaswa Kashima Antlers 6-2 mu fainali ya Emperor's Cup, chikho chakale kwambiri cha dzikolo, mphunzitsi ali Shu Kamo. Mu 1995 inatenga Asian Cup Winners' Cup ndi Asian Super Cup. Chaka chomwecho inabweretsa anyamata atatu a ku Brazil kuchokera ku Palmeiras: Zinho, yemwe anali atangotenga World Cup ya 1994, César Sampaio ndi Evair. Amene munaonera World Cup ya 1998 mukukumbukira chigoli choyamba cha mpikisanowo, Brazil ikusewera ndi Scotland. Anachinya ndi mutu uja anali Sampaio, ndipo nthawi imeneyo anali wosewera wa Flügels. Kaputeni wa timuyi, Motohiro Yamaguchi, nayenso anali ku France komweko akusewerera Japan pakati.

Miyezi yochepa chabe pambuyo pake, pa 29 Okutobala 1998, zinadziwika kuti timuyi ikutha. Chuma cha Japan chinali chitadwala, makampani a zomangamanga anali m'ngongole zoopsa, ndipo Sato Kogyo inati singapitirize kuthira ndalama mu mpira. ANA inati payokha singasenze mtolowo. Akuluakulu a ANA anakakhala pansi ndi a Nissan, nagwirizana kuti Flügels ilowe mu Marinos. Osewera ambiri anazimva m'manyuzipepala m'mawa womwewo. Masapota sanafunsidwe n'komwe.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawira, chifukwa ndinaziona ndi maso anga, ngakhale kuti zathu zinali zazing'ono. Ndili mnyamata ndinali mlembi wa timu ya m'dera lathu. Tinkasewera pa bwalo la fumbi kuseri kwa sukulu, ndipo tinali ndi bambo wina wabizinesi, mwini chigayo ndi lole, amene ankatikonda zenizeni. Sindinganene choipa pa iye. Ankatigulira mipira ndi nsapato, ankatinyamula pa lole yake popita kukasewera kutali, mwana wa timu akadwala ankamutengera kuchipatala, ndipo tikapambana ankapha mbuzi. Ife tinkangoti "bwana alipo", basi. Misonkhano ya komiti tinkachitira pakhonde pake. Yunifomu ikachapidwa inkasungidwa m'nyumba mwake. Mapepala olembetsera timu anali m'dzina lake. Ine monga mlembi ndinkalemba mayina a osewera ndi zigoli m'kope, koma za ndalama panalibe cholemba, popeza ndalama zonse zinkachokera m'thumba limodzi.

Kenako lole inawonongeka, chigayo chinayamba kuvuta, ndipo bambo uja anatiitana madzulo ena n'kutiuza, misozi ili m'maso, kuti sangathenso. Anali atalankhula kale ndi anzake a timu ya kumsika kuti atenge anyamata athu abwino, ndipo anatilonjeza kuti dzina lathu lidzawonjezedwa pa lawo. Linawonjezedwadi, kwa kanthawi. Anatenga goloboyi wathu ndi omwetsa zigoli, otsalawo anangobalalika. Ena anasiyiratu mpira. Amayi amene ankagulitsa zitumbuwa ndi nzimbe pabwalo pathu Loweruka anasowa kopita nazo. Agogo ena amene sankaphonya masewero, obwera ndi kampando kawo, anasiya kutuluka masana a Loweruka, ndipo nditawafunsa chifukwa chake sakupita kumsika kukaonera ana athu aja, anandiyankha kuti sangaombere m'manja yunifomu imene akhala akuikuwiza moyo wawo wonse. Bwalo lathu anthu anayamba kudulapo njira, kenako wina analimapo chimanga. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti anthu okonda timuyo tinalipo ambiri, tikanatha kusonkha pang'onopang'ono, koma tsiku limene bwana anatopa tinalibe buku la mamembala, tinalibe akaunti, tinalibe ngakhale mpira umodzi umene tikanati ndi wathu.

N'chifukwa chake mawu akuti "kuphatikizana" sindiwakhulupirira pamene wina ali ndi mphamvu, wina ali chigonere. Wamphamvuyo amasankha zimene akufuna, zotsalazo zimatayidwa. Ku Yokohama timu yatsopanoyo inatchedwa Yokohama F. Marinos, F uja akuimira Flügels, koma mtundu wa yunifomu unakhala wa Marinos, mbiri yowerengedwa inakhala ya Marinos, ndipo zikho za Flügels sizinalowe m'kaundula wa timuyo. Ndikunena mosapsatira: imeneyo inali imfa ya timu, ndipo anthu amene anasaina ankadziwa. Sindikuti makampaniwo ananama za mavuto awo. Sato Kogyo inagwadi mu 2002 n'kukapempha chitetezo cha khoti. Koma mavuto a ndalama sapatsa munthu ufulu wogulitsa chinthu chimene anthu zikwizikwi anachiika mumtima, osawauza n'komwe. Mu 1999 kampani ya Fujita nayonso inasiya Bellmare Hiratsuka, timu imene katswiri Hidetoshi Nakata anachokerako, koma kumeneko anthu a m'deralo anapatsidwa mpata, timu inachepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, inatsika ligi, n'kukhala Shonan Bellmare mu 2000, ndipo ilipo mpaka pano. Njira inalipo. A ku Yokohama sanafune kuiyang'ana.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti J.League inakhazikitsidwa ndi cholinga chothana ndi vuto lomweli. Wapampando wake woyamba, Saburo Kawabuchi, anaumirira kuti matimu azitchedwa ndi mayina a mizinda osati a makampani, kuti anthu azimva kuti timu ndi yawo. Dzina linasinthadi, koma chikwama chinatsala kwa kampani. Kwathu kuno tilibe ngakhale lamulo la dzinalo. Manoma akhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, mpaka Be Forward Wanderers, pamene ankathandizidwa ndi kampani ya ku Japan komweko yogulitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Maule akhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets. Matimu awiriwa apulumuka kusintha konseku chifukwa masapota awo ndi ochuluka moti wothandiza wina akachoka, wina amaona phindu lobwera. Nanga MDC United ili kuti lero? Timu yopanda khamu kumbuyo kwake imapita limodzi ndi kampani yake.

Masewero 9 omaliza

Patangopita masiku awiri chilengezocho chitatuluka, Flügels inathira Cerezo Osaka zigoli 7 kwa duu. Kuyambira pamenepo sinagonjenso. Inapambana masewero onse 4 otsala a ligi. Kunja kwa bwalo masapota ankaima m'misewu ndi m'masiteshoni a sitima kusonkhanitsa masiginecha opempha kuti timu isathe, osewera enieniwo akuwathandiza, ndipo masapota a matimu ena nawonso ankasaina. Masiginecha anapitirira 600,000. Komabe pa 2 Disembala 1998 mgwirizano unasainidwa.

Kunatsala Emperor's Cup, mpikisano wa ukagonja watuluka. Kwa Flügels kugonja kunkatanthauza kuti tsiku limenelo ndi lomaliza timuyo kukhalapo padziko. Taganizirani, achimwene, kulowa m'bwalo ukudziwa zimenezo, uku sukudziwa kumene udzagwire ntchito mwezi wamawa. Mphunzitsi wawo, Gert Engels wa ku Germany, anawagwirizanitsa anyamatawo. Anachotsa Júbilo Iwata mu ndime ya matimu 8, anachotsa Kashima Antlers, akatswiri a ligi chaka chimenecho, mu ndime ya matimu 4. Pa 1 Januwale 1999, pa National Stadium ku Tokyo, Shimizu S-Pulse ndiyo inayamba kuchinya. Yoshikiyo Kuboyama anabweza chigolicho, Takayuki Yoshida n'kuchinya chachiwiri, masewero anatha 2-1. Yamaguchi ananyamula chikho, ndipo timu yomwe inali itangopambana kumene sinasewerenso kuchokera tsiku limenelo.

Anyamatawo anamwazikana. Yamaguchi ndi goloboyi Seigo Narazaki anapita ku Nagoya Grampus. Panalinso kamnyamata kena kamene kanali m'chaka chake choyamba, Yasuhito Endo, kamene kanapita ku Kyoto kenako ku Gamba Osaka, n'kudzasewerera Japan masewero 152, kuposa wina aliyense. Ndikaganiza za Endo ndimakumbukira anyamata athu aja amene timu ya kumsika sinawatenge. Sindikunena kuti mwa iwo munali Endo. Ndikunena kuti palibe amene anakhala ndi mpata woona chimene akanakhala, chifukwa pophatikiza matimu malo osewera amakhalabe 11.

Masapota atayamba okha

Gulu la masapota silinadikire kuti misozi iume. Linakhazikitsa kampani yoyendetsa timu yatsopano, Yokohama FC, potengera njira ya ku Barcelona yoti mamembala azisonkha ndalama chaka ndi chaka. Anapeza Yasuhiko Okudera, amene anasewerapo nthawi yaitali ku Germany, kuti ayendetse zinthu, ndipo Pierre Littbarski, amene anatenga World Cup ya 1990 ndi West Germany, anakhala mphunzitsi. Anayambira pansi, mu Japan Football League, anatenga ligiyo mu 1999 ndi mu 2000, n'kulowa J2, ligi yachiwiri ya dzikolo, mu 2001. Mu 2006 anatenga J2, ndipo mu Malichi 2007, pa bwalo la Mitsuzawa pomwe Flügels inkasewerera, anakumana ndi F. Marinos koyamba mu ligi yaikulu n'kuwagonjetsa 1-0.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amaimira pomwepa, koma inu mwafunsa kuti zinatha bwanji, ndiye ndikuuzani zonse. Masewero achibwereza chaka chomwecho Marinos inawaswa 8-1, ndipo Yokohama FC inathera pansi penipeni n'kutsika. Inakhala mu J2 mpaka 2019, ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikukwera ndi kutsika. Choposa apo, njira ya mamembala ija sinakhalitse monga anaiganizira. Pofika 2001 panabuka mkangano pakati pa gulu la mamembala ndi oyendetsa kampani, ndipo patapita zaka timuyo inadzakhala m'manja mwa kampani ya zakudya ya LEOC, ya gulu la Onodera. Ndalama zosonkha zinakwanira kuyambitsa timu, koma sizinakwanire kulipira osewera a ligi yaikulu. Ena amati pamenepa masapota analephera. Ine ndikukana. Mu mzinda umene akuluakulu anati muzikhala timu imodzi, lero muli Yokohama FC yosewera pa Mitsuzawa, ndipo Yamaguchi yemwe uja anabwerera kudzaisewerera mu 2005, kenako n'kudzakhala mphunzitsi wake mu 2012. Mu 2005 momwemo munabweranso Kazuyoshi Miura, "King Kazu", wobadwa mu 1967, amene mu Malichi 2017 anachinya chigoli cha ligi ali ndi zaka 50 atavala yunifomu ya Yokohama FC. Ena amadandaula kuti timuyo inkamusunga pofuna kukopa anthu ndi makamera osati chifukwa cha miyendo yake, ndipo mwina muli choona, koma timu yaing'ono yokhala moyandikana ndi chimphona cha Nissan iyenera kupeza chodzazira mipando, ndipo ine sindingaiweruze.

Tsono inu mutani? Musavomere kuphatikizana chaka chino. Bwana wanu wakuchenjezani nthawi ilipo, chinthu chimene a Flügels sanachitiridwe, ndiye pitani mukamuthokoze, ndipo mumupemphe kuti mapepala olembetsera timu, yunifomu ndi mipira azisiye m'dzina la timu. Lembani buku la mamembala sabata ino, aliyense azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndalamazo zizilowa mu akaunti ya osaina atatu, ndipo muziwerenga malipoti pagulu. Funani othandiza ang'onoang'ono angapo, wa golosale, wa minibasi, wa chigayo, m'malo mwa bwana mmodzi wamkulu. Ngati ndalama zaulendo sizikwana, tsikani ligi, muzisewera pafupi. Anyamata amene akufuna kupita kutsidya musawatsekereze.

Mukandilemberenso mundiuze kuti mapepala a timu yanu ali m'dzina la yani, ndiponso ndi anthu angati amene abwera pa msonkhano woyamba.