Nkhope ilipo, dzina palibe

Mayi ena amene amakonda kuwerenga zimene ndimalemba anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaona pa Facebook zithunzi zakalekale za asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo pansi pa zambiri panalembedwa kuti "msilikali wosadziwika". Afunsa motere: "Munthu akupita kokafa, ndalama n'kutayira pa chithunzi? Nanga ngati abale awo ankazisunga ngati chuma, zatheka bwanji kuti lero palibe akudziwa mayina awo? Komanso bwanji onse angoti ndwii, palibe n'mmodzi yemwe akumwetulira?"

Mayi, ndiyambira pa funso lomalizalo poti ndi lopepuka. Nkhondoyi inamenyedwa pakati pa zigawo za Kumpoto ndi za Kummwera kuyambira 1861 mpaka 1865, ndipo kamera za nthawiyo zinkafuna kuti munthu akhale phee kwa masekondi angapo. Ukangogwedezeka, nkhope inkatuluka ngati utsi. Ojambula ambiri ankaika kachitsulo kumbuyo kwa mutu kuti khosi lisapendeke. Tayesani kumwetulira chitsulo chikukugwirani pankhongo! Komanso kujambulitsa chinali chinthu chaulemu, osati choseweretsa. Ndiye musaone ngati nkhope zonsezo ndi za mantha. Ena mwa anyamatawo ankadzimva ndithu, mpaka kubwereka mfuti yaing'ono kapena mpeni kwa wojambula kuti kwawo akaoneke oopsa.

Za ndalama, sizinali zambiri monga mukuganizira. Panali mitundu itatu yofala. Ambrotype chinali chithunzi cha pagalasi, choikidwa m'kabokosi kotseka ngati kabuku. Tintype chinali cha pa kachitsulo kopyapyala, chotsika mtengo, mwina masenti 25 okha, ndipo sichinkasweka, moti msilikali ankangochiponya mu envulopu n'kutumiza kwawo. Chachitatu, carte de visite, chinali cha papepala lomatidwa pa kakhadi, ndipo ichi chokha ndiye munthu ankatha kuchulukitsa n'kugawira abale. Ojambula ankatsatira asilikali m'misasa, kukhoma tenti, anyamata n'kumandanda pamzere akalandira malipiro. Ukawonjezera kangachepe, ankakupaka kofiira m'masaya ndi kagolide pa mabatani a yunifolomu.

Zithunzizo zinkayenda mbali zonse ziwiri. Msilikali ankasiya nkhope yake kunyumba, nayenso n'kunyamula ya mkazi, ya mayi kapena ya ana m'thumba la pachifuwa. Ambiri anali anyamata akumudzi amene anali asanagonepo kutali ndi kwawo. Mabanja ena anachita kung'ambika pakati: John Crittenden, phungu wa ku Kentucky, anali ndi mwana mmodzi, Thomas, mkulu wa asilikali a Kumpoto, ndi wina, George, mkulu wa asilikali a Kummwera. Ngakhale mkazi wa Abraham Lincoln, pulezidenti amene ankatsogolera mbali ya Kumpoto, anali ndi alongo ake omenyera Kummwera.

Tsono funso lanu lapakatilo ndi limene landisowetsa tulo. Yankho langa ndi ili: mayina anasowa chifukwa cha chikondi chomwecho. Ndani amalemba dzina kumbuyo kwa chithunzi cha mwana wake? Mayi akumudziwa, mkazi akumudziwa, kulemba n'kwa chiyani? Koma odziwawo akatha m'modzim'modzi, chithunzi chimatsala chili duu, n'kukathera kwa ogulitsa zinthu zakale. Pagalasi ndi pachitsulo panalibenso polemba bwino. Ndipo msilikaliyo naye analibe chomuzindikiritsa, chifukwa boma silinkapereka tizitsulo ta mayina tovala m'khosi monga amachitira masiku ano. Ena ankadzigulira okha, ena ankalemba dzina pakapepala n'kukabaya ndi phini pamalaya usiku woti mawa kuli nkhondo. Anthu oposa 600,000 anafa, ndipo ochuluka zedi anaikidwa m'manda opanda dzina.

Pali nkhani imodzi imene zinthu zinatembenuka, chithunzi n'kubweza dzina. Nkhondo ya ku Gettysburg itatha, mu July 1863, anapeza mtembo wa msilikali wa Kumpoto pamalo obisika m'tawunimo. Analibe kalata, analibe dzina. M'manja mwake munali ambrotype ya ana atatu: mnyamata, mtsikana, ndi kamnyamata kakang'ono kali pampando pakati pawo. Zikuoneka kuti atavulala anakwawira pambali, n'kutulutsa chithunzicho, n'kutsirizika akuchiyang'ana.

Chithunzicho chinafika m'manja mwa dokotala wa ku Philadelphia, John Francis Bourns. Vuto linali loti nyuzipepala za nthawiyo sizinkatha kusindikiza zithunzi zojambulidwa ndi kamera. Choncho pa 19 October 1863, nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer inangofotokoza ndi mawu: ana ndi atatu, misinkhu yawo ikuoneka yakutiyakuti, akhala motere, avala zotere. Mutu wa nkhaniyo unali funso lakuti kodi ameneyu anali bambo wa yani. Nyuzipepala zina zinakopera. Taganizani amayi angati anawerenga nkhaniyo mtima uli m'mwamba, aliyense akuwerengera zaka za ana ake, akufuna kudziwa koma akupemphera kuti asakhale iye.

Ku Portville, m'chigawo cha New York, Philinda Humiston anali atakhala miyezi osalandira kalata kuchokera kwa mwamuna wake. Nkhaniyo inamupeza kudzera m'nyuzipepala ya mpingo, American Presbyterian. Iye anali atajambulitsa ana ake, Frank wa zaka 8, Alice wa zaka 6 ndi Fred wa zaka 4, n'kutumiza chithunzicho kunkhondo. Analembera dokotala uja, dokotala n'kumutumizira kope. Atatsegula envulopu anaona ana ake omwe. Umu ndi mmene anadziwira kuti ndi namfedwa. Mwamunayo anali Sajeni Amos Humiston wa gulu la 154th New York, mmisiri wosoka zingwe zachikopa za akavalo. Lero manda ake ku Gettysburg ali ndi dzina.

Anthu amakonda kuithera pomwepa nkhaniyi, koma ine ndipitirira pang'ono. Makope a chithunzi cha anawo anagulitsidwa kwambiri, ndipo ndalama zake zinathandiza kutsegula nyumba ya ana amasiye a asilikali ku Gettysburg mu 1866. Philinda anakagwirako ntchito, ana ake n'kukhala komweko, kenako anachoka atakwatiwanso. Patapita zaka kunamveka zoti mayi woyang'anira amene anabwera pambuyo pake, Rosa Carmichael, ankazunza ana, ndipo nyumbayo inatsekedwa mu 1877. Anthu analirira nkhope zitatu zapagalasi, koma ana amoyo anavutika kufupi ndi manda a asilikaliwo.

Mabanja ambiri analibe mwayi wa a Humiston. Clara Barton, mayi amene ankasamalira asilikali ovulala pankhondoyo, anatsegula ofesi yofufuza asilikali osowa ku Washington mu 1865, ndipo pofika 1868 inali itapeza mbiri ya anthu oposa 22,000. Ndi ambiri, koma poyerekeza ndi osowawo, anali ochepa.

Mwa zithunzi zimene munaonazo, mwina munali china chotchuka chosungidwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America: msilikali wakuda atavala yunifolomu ya Kumpoto, mkazi wake pambali, ana awiri aakazi atavala zofanana mpaka zipewa. Amuna akuda pafupifupi 180,000 analowa usilikali wa Kumpoto. M'madera a ukapolo, lamulo silinkazindikira ukwati wa akapolo, ndipo mwana ankatha kugulitsidwa mayi ake akuona. Ndiye banja lonse kukhala pamodzi pamaso pa kamera, atavala bwino, kwa ine chimenecho chinali ngati mtchatho umene lamulo linkamana anthu akuda ambirimbiri.

Mukabwereranso ku zithunzizo, yang'anani lamba wa msilikali. Pa tintype zinthu zimatuluka motembenuka ngati pagalasi lodziyang'anira, moti zilembo za US pachomangira lamba zimaoneka chambuyo, ndipo munthu wogwira mfuti kumanja amaoneka ngati wamanzere. Ngati aonetsanso kumbuyo kwa kakhadi, onani ngati pali sitampa. Boma la Kumpoto linaika msonkho pa zithunzi kuyambira August 1864 mpaka August 1866, ndiye sitampa ikakhalapo, mwadziwa zaka zake. Kawirikawiri pamakhalanso dzina la wojambula ndi tawuni yake, ndipo ofufuza amayambira pamenepo. Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Civil War Photo Sleuth, limene linayambika mu 2018, kumene kompyuta imafananiza nkhope yosadziwika ndi zithunzi zokhala ndi mayina, anthu n'kumatsimikizira poona yunifolomu ndi zizindikiro za udindo. Nditumizireni chimene chinakukhudzani kwambiricho, tikachiyese kumeneko.