Kodi wopeza mgodi amadyako? Moyo wa Ed Schieffelin wa ku Tombstone

Bambo wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti anamva kuti George Harrison, munthu amene anapeza golide pa famu ya Langlaagte mu 1886, anagulitsa malo ake pa mtengo wa mapaundi 10 okha, kenako n'kungoti zii osamvekanso. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi anthu ofufuza miyala amenewa onse amafa osauka? Alipo amene anapeza chuma, tauni n'kumangidwa, iyeyo n'kudyako?"

Alipo, bambo, ngakhale kuti ndi ochepa. Amene ndikufuna ndikuuzeni ndi Ed Schieffelin, amene anayambitsa tauni ya Tombstone ku Arizona, m'dziko la America. Ambiri akamafotokoza za iye amangoti anali wamwayi. Ine sindikhutira nazo. Mwayi unalipo, koma chimene chinamusiyanitsa ndi anzake ofera m'tchire ndi choti anapeza munthu wodziwa kuyeza miyala amene sanamudyere masuku pamutu, komanso anagulitsa mgodi usanayambe kuvuta.

Ed anabadwa mu 1847 ku Pennsylvania, koma anakulira ku Oregon, m'chigwa cha mtsinje wa Rogue kumene anthu ankasefa golide m'mchenga. Anachoka pakhomo ali mnyamata n'kuyamba kuyendayenda m'madera a kumadzulo kwa America. Ndalama zikamuthera ankagwira ganyu m'migodi ya eni ake, zikapezeka ankagula ufa, n'kumanga katundu pa nyulu, ulendo kumapiri. Pofika zaka 30 analibe munda, analibe nyumba, analibe mkazi. Anali ndi ndevu zazitali, tsitsi lofika m'mapewa, zovala zazigamba ndi mfuti.

Mu 1877 anafika ku Camp Huachuca, msasa watsopano wa asilikali kum'mwera kwa Arizona, kufupi ndi malire a Mexico. Apa pali mfundo imene ofotokoza ambiri amaidumpha. Dziko limeneli silinali lopanda eni. Linali la anthu a mtundu wa Chiricahua Apache. Mfumu yawo Cochise anamwalira mu 1874, ndipo mu 1876 boma linatseka malo amene linawapatsa n'kuyamba kuwasamutsira ku San Carlos. Ena anakana, n'kumabisala m'mapiri, mtsogoleri wankhondo wotchuka Geronimo ali mmodzi mwa iwo. Msasa uja unamangidwa kuti uthane ndi anthu amenewa. Kulimba mtima kwa Ed sindikukana, koma khomo limene analowera linatsegulidwa ndi mfuti za boma, ndipo eni nthaka sanaonepo ngakhale kobiri limodzi la siliva amene anatuluka m'mapiri awo.

Asilikali atamuona akutuluka yekhayekha kupita kumapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa San Pedro, anamuuza kuti mwala wokha umene akaupeze kumeneko ndi chiliza cha pamanda ake. Iye sanaiwale chipongwe chimenechi. Malo oyamba amene analembetsa m'tauni ya Tucson chaka chomwecho anawatcha Tombstone, kutanthauza chilizacho.

Ntchito yake inali ya maso ndi miyendo. Wofufuza amayenda m'khwawa louma akuyang'ana timiyala tolemera kapena ta mtundu wachilendo timene madzi anakokolola. Akatola kamodzi amakwera mtunda, akatolanso kena amakwerabe. Pamene timiyalato talekezera ndi pamene amayamba kufufuza thanthwe limene tinagumukako. Akalipeza, lamulo la migodi la mu 1872 linkamulola kutenga malo otalika mamita pafupifupi 457 ndi mamita 183 m'lifupi. Ankaunjika mulu wa miyala, kuikamo kapepala kolembapo dzina lake ndi tsiku, kenako n'kukalembetsa kwa kalembera. Ed ankachita zonsezi osakoleza moto waukulu usiku, ndipo ankasinthasintha pogona.

Atapita ndi miyala yake ku Tucson, anthu andalama anaiyang'ana n'kumuuza kuti ndi yachabechabe. M'thumba munali masenti 30 basi. Anayenda ulendo wautali kulowera kumpoto chakumadzulo kukafuna mbale wake Al, n'kukamupeza akugwira ntchito ku migodi ya m'dera la Signal. Kumeneko kunali katswiri woyeza miyala dzina lake Richard Gird.

Ntchito ya munthu ngati Gird ndiyofunika kuimvetsa, chifukwa moyo wa wofufuza aliyense unali m'manja mwa anthu oterewa. Woyeza amasinja mwala kukhala ufa, n'kuuyeza pa sikelo yaing'ono kwambiri. Amausakaniza ndi mankhwala a mtovu n'kuusungunula m'ng'anjo. Mtovu umakoka siliva yense n'kukhazikika pansi. Kachibulumwa kameneka amakaika m'kambale kopangidwa ndi phulusa la mafupa n'kukabwezera pamoto, kambaleko n'kumwa mtovu wonse. Chotsala ndi kamkanda kowala, mwina kochepa ngati njere ya mapira. Kulemera kwa kamkandako ndi kumene kumanena kuti tani imodzi ya mwalawo ili ndi siliva wochuluka bwanji. Tsono taganizani, wofufuza sangathe kutsutsa zimene woyeza wanena. Gird akanatha kumuuza Ed kuti miyalayi ndi yopanda pake, n'kutuma anthu ake kuti amutsatire mwakachetechete. Sanatero. Anamuuza zoona, anasiya ntchito yake ya malipiro abwino, anagula ngolo ndi nyulu, ndipo kumayambiriro kwa 1878 atatuwa ananyamuka atagwirizana kuti chilichonse adzagawana patatu. Panalibe chikalata, anangogwirana chanza.

Atafika, zinthu zinayamba ndi kukhumudwitsa. Malo oyamba aja anali ndi siliva pang'ono chabe, anatha msanga. Ed anapitiriza kuyenda m'zitunda mpaka anapeza mzere wina wolemera kwambiri, umene anautcha Lucky Cuss, potengera mawu amene mnzake anamunena kuti ndi munthu wamwayi. Kenako anapeza Tough Nut. Anthu ena awiri atapeza siliva pafupi, panabuka mkangano wa malire. Anagawana, gawo la enawo n'kukhala Grand Central, la atatuwa n'kutchedwa Contention pokumbukira mkanganowo. Gawo limeneli analigulitsa pa mtengo wa madola 10,000, ndipo pambuyo pake linatulutsa ndalama zankhaninkhani m'manja mwa eni atsopano. Apa ndi pamene Ed anatsala pang'ono kufanana ndi Harrison wanu uja.

Siliva wa m'thanthwe sakumbidwa ndi piki yokha. Pamafunika chigayo chophwanya miyala, ndipo chigayo chimafuna madzi ndi ndalama. Gird ndiye anayendetsa zimenezi. Mothandizidwa ndi Anson Safford, amene anakhalapo bwanamkubwa wa Arizona, anapeza anthu oika ndalama, ndipo chigayo chinamangidwa m'mbali mwa San Pedro pamalo otchedwa Millville. Tauni yeniyeni inayezedwa mu 1879 pachidikha chotchedwa Goose Flats, n'kutenga dzina la malo oyamba a Ed.

Mu 1880 Ed ndi Al anagulitsa magawo awo kwa amalonda a ku Philadelphia pa mtengo wa madola 600,000. Ena ankati apupuluma. Al anamanga holo yaikulu ya zidina ya zisudzo ndi misonkhano, Schieffelin Hall, imene inatsegulidwa mu 1881 ndipo ilipobe. Ed anangochoka. Kuwomberana kotchuka kwa pafupi ndi khola la mahatchi la O.K. Corral, m'tauni ya Tombstone, pa 26 October 1881, pakati pa gulu la Wyatt Earp ndi Doc Holliday ndi anyamata a kwa Clanton ndi kwa McLaury, kunachitika woyambitsa tauniyo atasamuka kale. Zimandiwawa kuti dziko lonse limakumbukira theka la mphindi la mfuti, pomwe munthu amene anayenda zaka zoposa 10 kuti afike pamalopo ndi ochepa amene amamudziwa.

Zimene zinatsatira zinaonetsa kuti sanapupulume. Moto unapsereza tauni mu 1881, n'kubweranso mu 1882. Okumba atafika mamita pafupifupi 160 pansi, anakumana ndi madzi. Makampani anaika mapampu akuluakulu, koma mu 1886 moto unawononga mapampu a ku Grand Central, mtengo wa siliva nawo ukutsika. Migodi inadzaza madzi. Tauni imene inali ndi anthu masauzande ambiri inatsala ndi osakwana 700 pofika 1900, ndipo mu 1929 likulu la boma la deralo linachoka ku Tombstone n'kusamukira ku tauni ya Bisbee. Gird naye anagulitsa gawo lake, n'kukagula famu yaikulu ku Chino, ku California.

Nanga Ed anachita nazo chiyani ndalamazo? Mu 1882 anakonzetsa kasitima kapamadzi kotchedwa New Racket, n'kupita nako ku mtsinje wa Yukon ku Alaska kukafuna golide. Kuzizira kwa kumeneko kunamubweza. Mu 1883 anakwatira Mary Brown, ndipo pambuyo pake anakhala ndi nyumba yabwino ku Alameda, ku California. Al anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1885. Ed sanathe kukhazikika pakhomo. Munthu woti akanatha kumangodya ali khale ankavalanso zovala zake zakutchire n'kusowa miyezi. Mu May 1897 anamupeza atafa yekha m'kanyumba kamitengo ku Oregon, dera limene anakulira, asanakwanitse zaka 50. Sanafe ndi umphawi, bambo. Anafera pa ntchito imene ankaikonda kuposa chuma chimene inamupatsa.

M'wilu yake analemba kuti asamuike m'manda a anthu onse. Anafuna kuti amuveke zovala za wofufuza miyala, amuike limodzi ndi piki yake yakale ndi chigubu chake cha madzi, pazitunda za miyala makilomita pafupifupi 5 kuchokera ku Tombstone, ndipo pamwamba pake amange mulu wonga umene wofufuza amaunjika akapeza malo. Anthu a m'tauniyo anachita zomwezo, n'kumanga chipilala chotalika mamita oposa 7.

Imfa yake inabala mphekesera yakuti masiku ake omaliza anali atapezanso golide wambiri m'mapiri a ku Oregon. Anthu akhala akukwera mapiriwo kufunafuna mgodi umenewo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo palibe amene anabwerako ndi umboni woti waupeza.