Mwana wanga akufuna kukhala wazisudzo ndi wovina

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 16, yemwe ali ku sekondale, watsimikiza mtima kudzakhala katswiri wa zisudzo ndi kuvina, pa siteji ndi m'mafilimu momwe, ndipo akufunsa ngati amulole kapena amuletse.

Mayi, musamuletse, koma musalole kuti atsamire pa kuvina kokha. Kuvina kumadya thupi: mawondo, akakolo ndi msana zimatha msanga, moti ovina ambiri amatsika pa siteji asanakwanitse zaka 40. Amene anaphunziranso kusewera, kuloweza mawu ndi kuimba amagwirabe ntchito ngakhale imvi zitamera. Taonani Rita Moreno, wobadwira ku Puerto Rico mu 1931, yemwe anayamba kuvina ali kamtsikana ku New York, nakwera siteji ya Broadway, dera lotchuka la nyumba za zisudzo mumzindawo, ali ndi zaka 13. Mu 1962 anapata mphoto yapamwamba ya mafilimu yotchedwa Oscar chifukwa cha filimu ya West Side Story, koma pambuyo pake kunadutsa zaka zingapo asakuoneka kwenikweni m'mafilimu, popeza ankakana magawo onyozetsa anthu a mtundu wake. Chinamusunga ndi siteji ndi wailesi yakanema, ndipo mu 2021, akuyandikira zaka 90, anaonekanso m'filimu yomweyo itajambulidwa mwatsopano.

Mwana wanu adziwenso kuti siteji ndi kamera zimafuna maluso osiyana. Pa siteji mawu ayenera kumveka kwa munthu wokhala kumpando wakumbuyo kwenikweni popanda kukuwa, ndipo ukalakwitsa palibe kubwereza. Kamera imaona ngakhale kuphethira kwa diso, gawo limodzi limatha kujambulidwa kambirimbiri, ndipo nthawi zina mapeto a nkhani amajambulidwa tsiku loyamba, wosewerayo n'kumalira maliro a munthu amene sanayambe wasewera naye.

Sukulu aimalize, ndipo pamenepa sindigonja. Ntchito imeneyi imabwera mwa apo ndi apo, kukanidwa poyesedwa kumachuluka kuposa kutengedwa, ndipo mgwirizano wa malipiro umafuna munthu wouwerenga n'kuumvetsa asanasaine. Padakali pano alowe gulu la zisudzo la kusukulu kwake, aphunzire kuvina kwa mphunzitsi wodziwa kuteteza thupi la mwana. Akaitanidwa kukayesedwa, muzipita naye inuyo, ndipo munthu aliyense wofuna ndalama kuti amupatse gawo, kapena womuitanira kunyumba kwake yekha, mumukane pomwepo.