Funsani Mmisiri: Kodi khadi la ku banki limatha batire?

Makalata a mwezi uno akhudza mabatire, makhadi a ku banki ndi makina olipirira m'masitolo. Ndayamba ndi kalata ya aphunzitsi a ku Ntcheu chifukwa yandikhudza mtima, ndipo ndikupempha aliyense amene ali ndi kholo lolandirira penshoni ku banki kuti akaliwerengere yankho lake.

FUNSO: Bambo Mmisiri, ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Sabata yatha ndinapita kukagula feteleza pa sitolo ina pa boma, koma makina anakana khadi langa. Mnyamata wina amene anali pambuyo panga pa mzere anati batire ya khadilo yatha, ndiye ndimupatse akanditchajire kwa mnzake, ndidzalitenge mawa lake. Mtima sunandilole, ndinabwerera nalo kunyumba. Kodi khadi amatchajira kuti, ndipo limafunika kutchaja kangati pa chaka? — Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, munachita bwino kwambiri kukana. Khadi lanu lilibe batire, silinakhalepo nayo, ndipo kulibe malo otchajirako makhadi a ATM. Mwina mnyamatayo amangolankhula zomwe sakuzidziwa, koma mwinanso amafuna khadilo lichoke m'manja mwanu. Pa khadi pali nambala yaitali, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu kumbuyo. Munthu amene wajambula zitatuzi ndi foni akhoza kuyesa kugula zinthu pa intaneti ndi ndalama zanu ngakhale PIN asakuidziwa. Penshoni ya munthu amene anagwira choko zaka makumi atatu siyoyenera kupita m'njira yotere.

Nanga mphamvu khadi limaitenga kuti? Yang'anani kachigamba kooneka ngati golide kutsogolo kwake. Kagawidwa timagawo, ndipo kagawo kalikonse kali ndi ntchito yake: kena kamalandira magetsi, kena kamanyamula uthenga. Pansi pa kachigambako pabisala tchipi, yomwe ndi kakompyuta kakang'ono kwambiri. Mukalowetsa khadi m'makina, timano tachitsulo ta mkatimo timakhudza kachigambako n'kupatsa tchipiyo magetsi ochepa, 5 volts kapena kucheperapo. Tchipi imadzuka, imayankhulana ndi makina, ndipo mukasolola khadi imagonanso. SIM khadi ya m'foni mwanu ndi mbale wake weniweni wa khadi limeneli, ndipo palibe amene anaitchajapo payokha. Luso limeneli ndi lakale ndithu: Roland Moreno wa ku France analembetsa khadi la tchipi mu 1974.

Makhadi atsopano ongogunditsa pa makina, aja okhala ndi chizindikiro cha timizere tinayi topindika, ndi amene amasokoneza anthu ambiri, chifukwa sipakhala chitsulo chokhudzana ndi chinzake. Mkati mwa pulasitiki muli waya woonda kwambiri wozungulira khadi kangapo. Makina amatulutsa mafunde a 13.56 MHz, ndipo waya uja akalowa m'mafundewo mumabadwa magetsi okwanira kudzutsa tchipi. Mfundo yake anaitulukira Michael Faraday mu 1831. Khadi limachita ngati mayi wokapala moto kwa mnzake: limapala pomwe likufuna kuphika, silisunga khala la mawa. N'chifukwa chake limayenera kuyandikira makina, osapitirira masentimita 4 kapena chapomwepo, ndipo muzidikira kaye kuti makina alire. Ambiri amachotsa msanga, moto n'kuzima ntchito isanathe.

Tsono khadi likakana, vuto limakhala kwina. Kachigamba kagolide kamada ndi thukuta ndi fumbi. Kapukuteni ndi kansalu kofewa kouma. Khadi lokhala m'thumba lakumbuyo la thalauza limapindika tsiku ndi tsiku mpaka waya wa mkati uja amaduka. Ena amaboola khadi pakona kuti amangepo chingwe, osadziwa kuti akudula waya yemweyo. Onaninso tsiku lothera ntchito, ndipo kumbukirani kuti kulakwitsa PIN katatu kumatseketsa khadi. Nthawi zambiri khadi limakhala labwinobwino, vuto lili pa netiweki kapena pa makina a sitoloyo. Kaliyeseni pa ATM. Likakakananso kumeneko, pitani nalo nokha ku banki ndi chiphaso chanu cha unzika. Ndalama zanu sizikhala m'khadimo, zili ku akaunti, ndipo khadi likafa iwo amangokupatsani lina.

FUNSO: Ndili ndi golosale ndipo banki inandipatsa makina a POS, aja olipirira ndi khadi. Poyamba batire imafika madzulo, koma pano ikamakwana 12 koloko yatha, ndipo magetsi akathima ndimabweza makasitomala. Chivindikiro chakumbuyo chayambanso kutukumuka. Mnyamata wokonza mafoni pamsika akuti akhoza kutsegula n'kuikamo batire ya foni. Ndimulole? — Wamalonda, Nchalo

YANKHO: Achimwene, musamulole, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Koma choyamba, chivindikiro chotukumukacho. Batire ya lithium ikatupa ndiye kuti yayamba kutulutsa mpweya mkati, ndipo ikhoza kuyaka. Lekani kuitchaja lero lomwe, musaiboole kapena kuikanikiza, ndipo imbirani banki yomwe inakupatsani makinawo kuti akusinthireni.

Mdani wamkulu wa batire yamtunduwu ndi kutentha, ndipo inu a ku Chigwa cha Shire simusowa wokuuzani za dzuwa la Okutobala pansi pa malata. Makina okhala pa kauntala pomwe dzuwa limawomba, uku ali pa tchaja, batire yake imakalamba msanga kuposa ya makina okhala pamthunzi. Chachiwiri ndi kuisiya kuti izitheratu mpaka makina athime okha. Ena amakhulupirira kuti batire iyenera kutha kaye isanatchajidwe. Langizo limenelo linali la mabatire akale a nickel. Ya lithium imakonda kuwonjezeredwa pafupipafupi. Magetsi akangoyaka, ikani makina pa tchaja ngakhale batire ili pakati. Amene munali pa malonda mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira m'boma lanu lomwelo n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, mukudziwa kuti ola limodzi la magetsi si losewera nalo.

Dziwaninso zomwe zimadya batireyo. Chosindikizira lisiti chilibe inki, chimalemba potentha pepala, ndipo chimakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Ndiye chifukwa chake makina ofooka batire amakonda kuthima pamene lisiti likutuluka. Ngati makina amafunsa za lisiti lachiwiri, mufunseni kasitomala ngati akulifuna m'malo mongosindikiza. Chepetsani kuwala kwa sikirini. Ndipo pamalo pomwe netiweki ndi yofooka, makina amawonjezera mphamvu pofuna kufikira nsanja, choncho kuwasuntha kuchoka kuseri kwa mashelefu kupita pafupi ndi khomo kumapulumutsa batire. Makina amene amatchajira pa USB mukhoza kuwagulira pawabanki yabwino. Ena ali ndi tchaja yawoyawo. Werengani ma volts olembedwa pa tchajayo, ndipo musawalumikize mwachindunji ku batire ya galimoto kapena ya sola ya 12 volts.

Tsopano za mnyamata wapamsika uja. Sindikunyoza luso lake. Anyamata amenewa amapulumutsa mafoni ambiri. Koma makina a POS anapangidwa kuti asamatsegulidwe. Kupatula batire yaikulu, makina ambiri ali ndi kabatire kena kakang'ono mkati, kamene kamasunga makiyi achinsinsi otetezera PIN ya kasitomala ndipo kamalondera usana ndi usiku. Wina akamasula bokosi lenilenilo, makina amafufuta makiyiwo nthawi yomweyo n'kudzitseka. Pa makina a kampani ya Ingenico pamatuluka mawu akuti Alert Irruption, ndipo zikatero palibe wapamsika amene angawadzutse, amayenera kubwerera kwa eni ake. Mudzakhala masiku opanda makina, mwinanso n'kulipitsidwa.

Chinthu china chimene chimayambanitsa anthu pa kauntala: makina akathima malipiro ali mkati, musathamangire kubwereza. Yatsani makina kaye, onani ngati malipirowo alembedwa, ndipo kasitomala aone uthenga wa banki pa foni yake. Ndalama ikadulidwa kawiri, kuibweza kumatenga nthawi, ndipo amene amatukwanidwa ndinu, osati batire.

FUNSO: Mwana wanga amaphunzira ku France ndipo anabwera ku tchuthi ndi khadi lomwe kumbuyo kwake kuli kawindo, manambala atatu aja amasintha okha. Anandiuza kuti muli batire. Ndi zoona? Nanga ikatha amatani? — Mayi wa ku Area 18, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mwana wanu akunena zoona. Makhadi ochepa padziko alidi ndi batire, ndipo limenelo ndi limodzi mwa iwo. Luso lake limatchedwa Motion Code, linachokera ku kampani ya Oberthur Technologies yomwe pano ndi IDEMIA, ndipo banki ya Société Générale inayamba kupereka makhadi otere mu 2016. Manambala atatu akumbuyo amasintha pafupifupi ola lililonse, kotero wakuba amene anawajambula m'mawa amapeza kuti masana sakugwiranso ntchito.

Kwa ine monga mmisiri, chosangalatsa ndi mmene anapezera njira yosungira mphamvu. Khadi la ku banki liyenera kukhala lochindikala mamilimita 0.76 okha kuti lilowe mu ATM, ndipo batire iyenera kukwana mmenemo, yopyapyala ndi yotha kupindika pang'ono. Batire yotere siingasunge mphamvu yambiri. Choncho kawindo kaja anakapanga ndi mtundu wa sikirini umene umadya magetsi pokhapokha manambala akamasintha. Akakhazikika amaoneka popanda kudya kanthu. Chomwe chimakhala maso nthawi zonse ndi kawotchi kakang'ono ka mkati, kowerenga nthawi kuti nambala ya pa khadi izigwirizana ndi imene kompyuta ya banki ikuyembekezera. Ndi kusamala koteroko batire imatha zaka pafupifupi zitatu, zomwe ndi zaka zimene khadilo limayenera kukhala. Siitchajidwa ndipo siisinthidwa. Banki imangotumiza khadi latsopano. Ngakhale pa khadi limeneli, tchipi yolipirira m'sitolo imatengabe magetsi ku makina monga pa makhadi athu. Mumuuze asalisiye m'galimoto yotentha, ndipo likatha ntchito asalitenthe pamoto.

Amene anayesa kudalira batire pa chilichonse sanapite patali. Ku America, kampani ya Coin inalengeza mu 2013 khadi lotha kunyamula makhadi asanu ndi atatu mkati mwake, lolumikizana ndi foni pa Bluetooth, lokhala ndi batire ya zaka ziwiri yosatheka kusintha. Kampani ya Fitbit inagula luso la kampaniyo mu 2016, ndipo ntchito ya Coin inatsekedwa mu 2017. Kampani ina ya Plastc inalonjeza khadi lotchajika, inalandira ndalama za anthu ambiri, n'kutseka mu Epulo 2017 osawatumizira makhadi. Chaka chomwecho Mastercard inayesa ku South Africa, pamodzi ndi banki ya Absa ndi masitolo a Pick n Pay, khadi lowerenga chidindo cha chala, ndipo ilo linkatenga mphamvu ku makina. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi imene ikutiyenera kuno. M'dziko lomwe mabanja ambiri alibe magetsi m'nyumba, khadi lofuna kutchaja likanasiya kunja anthu omwe mabanki akuvutikira kuwafikira.

FUNSO: Foni yanga imathima batire pafupipafupi ndipo ndimaisiya pa malo otchajitsira pa tireding'i senta. Amayi anga akuti ndalama za Mpamba zimachepa foni ikakhala yothima. Zoona? — Mtsikana wa ku Mitundu

YANKHO: Achemwali, auzeni amayi kuti mtima ukhale pansi. Ndalama za Mpamba kapena Airtel Money sizikhala mu batire kapena m'foni, zimasungidwa ku makompyuta a kampani, ndipo zimamangidwa ku nambala yanu. Foni ikathima, ikani SIM khadi mu foni ina, imbani *444# kapena *211#, mudzazipeza zili momwe munazisiyira.

Choopsa chili pa malo otchajitsirapo. Foni imakhala maola angapo m'manja mwa anthu ena, ndipo ngati PIN yanu ndi chaka chimene munabadwa kapena 1234, kapena munailemba m'foni momwemo, wina akhoza kuilota. Musanasiye foni, ithimitseni, chotsani SIM khadi n'kupita nayo kunyumba. Foni imatchaja bwinobwino yopanda SIM, ndipo yothimitsa imadzaza msanga.