Musathamangire chown -R pa /usr

Achimwene, mwati munaika phukusi la .deb (fayilo yoikira pulogalamu pa Debian) lomwe simunalitenge ku repository ya Debian, nkhokwe yake yovomerezeka ya mapulogalamu, ndipo mafayilo ake mu /usr/bin akuonetsa dzina lanu ngati mwini wake m'malo mwa root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo. Funso lanu n'lakuti kodi mungomenya chown -R root:root /usr basi, lamulo lopereka mafayilo onse a mu /usr kwa root ndi gulu lake. Ayi, chonde musatero, kumeneko n'kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe.

Si zonse za mu /usr zimene zili m'gulu la root. Pa Debian, pulogalamu ya chage ili m'gulu la shadow, crontab ili m'gulu la crontab, ndipo anachita dala. Chinanso, chown ikakhudza pulogalamu imachotsa setuid, chizindikiro chololeza pulogalamu kuyenda ndi mphamvu za mwini wake. Mukatero sudo, su ndi passwd zimangofa pomwepo, sudo n'kumakuuzani kuti iyenera kukhala ya uid 0 (nambala ya root) komanso ndi setuid, inu simungakonzenso kudzera pa sudo kapena su.

Vuto lotere kawirikawiri limayambira kwa amene anamanga phukusilo. Akamanga popanda fakeroot, chida chopangitsa mafayilo kulembedwa ngati a root pomanga, mafayilo amalowa mu .deb ali ndi dzina ndi nambala ya akaunti yake, nthawi zambiri 1000. Pa Debian ndi Ubuntu, 1000 ndi nambala ya munthu woyamba kutsegulidwa akaunti, ndiye pa kompyuta yanu mafayilo aja agwera inuyo. Zimaoneka ngati zazing'ono koma si zazing'ono. Chilichonse choyenda m'dzina lanu, ngakhale bulauza imene yalowedwa ndi akuba, chikhoza kusintha pulogalamuyo osafunsidwa pasiwedi. Tsiku lomwe root adzaiyendetse, mwina kudzera pa systemd yomwe imayambitsa mapulogalamu makina akamayaka, wakubayo watenga makina onse.

Yambani mwadziwa kumene kwalakwika. dpkg -S /usr/bin/dzina ikuuzani phukusi lomwe fayilo inachokera. Kenako dpkg-deb -c pa fayilo ya .deb ija, muyang'ane kumanzere. Mukaona root/root pamizere yonse, phukusi lilibe mlandu, china chake chinasokoneza pa kompyuta yanu ndipo kuliikanso kukonza. Mukaona dzina la munthu kapena 1000, ngakhale muliike kakhumi lizibwera chimodzimodzi. Apa musadalire dpkg --verify, imangoona ngati zam'kati mwa fayilo zasintha, za mwini siziikhudza. 

Pokonza, find /usr /opt /etc -uid 1000 ikutulutsirani mafayilo onse a akaunti ya nambala 1000. Awerengeni kaye ndi maso, kenako chown root:root pa okhawo. Ngati pulogalamuyo mukuifunadi, ikani dpkg-statoverride, yomwe imakhazikitsa mwini wa fayilo, pa mafayilo ofunikawo kuti update yotsatira isadzabwezerenso vutolo.

Ine ndikanakhala inu, phukusi likakhala ndi service (pulogalamu yoyenda yokha kuseri) yoyenda ngati root ndikanalichotsa kaye. Womanga phukusi amene sanayendetse ngakhale lintian, pulogalamu yoyeza maphukusi yomwe imagwira cholakwa ichi msangamsanga, sindimukhulupirira pa zina zimene waika mu postinst, paja postinst, malamulo oyenda phukusi likangoikidwa, imayenda ndi mphamvu zonse za root. Mulembereni, muphatikize zomwe dpkg-deb -c yatulutsa, mumuuze amangenso ndi dpkg-deb --root-owner-group kapena fakeroot. Kwa iye ndi mzere umodzi wokha.